Ku Moscow ndi Ufa M'sutikesi

Lachiwiri, Lumbadzi

Ndikulemba izi nditakhala pabenchi pabwalo la ndege la Kamuzu, nsapato nditavula, poti mapazi atupa ulendo usanayambe n'komwe. Ku Dedza ndanyamuka 5 koloko m'mawa, chifunga chitaphimba phiri lonse. June wa kwathu mumamudziwa. Ndavala chijasi chachikulu chimene ndinachita kusankha pakaunjika chifukwa cha ulendo uno, pakuti aliyense amene ndamuuza kuti ndikupita ku Russia wayankha mofanana: "Mayi, mukafa ndi chisanu kumeneko."

Mwana wanga wachiwiri akumaliza maphunziro a udokotala ku Moscow. Anapita zaka 7 zapitazo. Chaka choyamba chinali chophunzira makamaka chilankhulo, zaka 6 zinazo ndiye za udokotalawo. Nditamufunsa zoti ndimutengere, sanachedwe: "Amayi, ufa woyera, usipa ndi kambuzi. Basi." Ndiye m'sutikesimu muli ufa makilo 5 womangidwa m'majumbo atatu, usipa wouma, tsabola, ndi chitenje chatsopano chovala tsiku la mwambo wolandira satifiketi. Ufawo ndi umene ukundisowetsa mtendere. Chinthu choyera mbee, chomangidwa bwinobwino, m'katundu wa mlendo wosadziwa chilankhulo cha eni dziko. Akandifunsa ndikayankha m'chiyani?

Ndalama ndanyamula pamanja. Makhadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja anasiya kugwira ntchito ku Russia mu 2022, choncho mwana anandiuza kuti ndipeze madola, ndiponso akhale atsopano, osapindika, opanda cholembedwa ndi bolopeni. Mmene ndavutikira kuwapeza sindinena, nonse mukudziwa mmene dola ikusowera. Pamene ndawabisa sindinenanso.

Lachiwiri usiku, Addis Ababa

Wotchi yapita patsogolo ndi ola limodzi. Bwalo la Bole ndi lalikulu, anthu pikitipikiti ngati msika wa Lizulu tsiku la msika, kusiyana kwake aliyense pano akukoka kasutikesi. Ndinasochera kawiri. Mayi wina wa ku Chipata, wopita kukaoda katundu, anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa n'kuseka. Anandiperekeza mpaka pageti yanga, n'kundisiyira mtedza wokazinga m'kapepala. Dzina sitinafunsane. Ndi mtedza womwewo ndadikirira ndege ya usiku, chifukwa mitengo ya chakudya cha muno ndangoiwerenga n'kubwerera.

Lachitatu, Moscow

Tatera ku Domodedovo kutacha. Pamzere wa mapasipoti ndinaima nthawi yaitali, mtima uli phaphapha. Msungwana wa m'kagalasi anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso chithunzi, osamwetulira ngakhale pang'ono. Ndinamupatsa kalata yondiitana, anawerenga, kenako chidindo khu! Za ufa palibe anafunsa. Usiku wonse ndadandaula pachabe.

Mwana ndinamudutsa osamuzindikira. Wasunga ndevu. Ndinangomva kumbuyo, "Amayi, mukupita kuti?" Zimene zinachitika pamenepo zikhale zathu.

Tsopano za chijasi chija. Kuno June ndi nyengo yotentha. Anthu ali m'makabudula, ine ndili m'chijasi cha ubweya, thukuta lili kamukamu. Mwana akuti anandiuza pafoni. Mwina anandiuzadi, koma ndinamvera anthu a kumudzi amene sanafikeko ngakhale ku Mwanza.

Tinakwera sitima yofiira ya Aeroexpress, mphindi pafupifupi 45 mpaka ku Paveletsky, kenako sitima za pansi pa nthaka zimene akuzitcha metro. Anayamba kuyendetsa mu 1935, ndipo masiteshoni ena ali pansi kwambiri moti ukaima pamwamba pa masitepe oyenda okha, kumene akuthera sukuonako. Ndinagwira mkono wa mwana ngati ndine kamwana ka ku mkaka. Anandiphunzitsa kanthu kamodzi kuti ndisasochere: pa njanji yathu yofiira, sitima ikamalowera pakati pa mzinda wolengeza masiteshoni amakhala mwamuna, ikamatuluka amakhala mkazi. Tinatsikira pa Yugo-Zapadnaya.

Mumsewu mukuuluka tinthu toyera ngati thonje, akuti ndi ta mitengo ina imene imachita zimenezi June aliyense. M'nyumba imene wandipezera chipinda mulibe madzi otentha sabata ino, chifukwa nyengo yotentha ndi imene amatseka madziwo dera ndi dera, masiku ngati 10, kuti akonze mapaipi chisanu chisanabwere. Ndaseka. Ndatenthetsa madzi m'ketulo n'kusambira m'beseni ngati ndili kwathu. Pano ndi 9 koloko usiku koma kunja kukuwala. Thupi likufuna tulo, maso akukana.

Lachinayi, Moscow

Lero ndiye ndadya chakudya cha eni dziko, ndipo ndilemba zonse ndisanaiwale.

M'mawa ndinati tiphike nsima. Mwana anakana. Anati ufawo ndi wa tsiku la mwambo, anzake a ku Zambia ndi ku Zimbabwe akuuwerengera kale, ndipo sindingayende ulendo wonsewu kudzadya zomwe ndasiya ku Dedza. Anandipititsa kumalo odyera amene amawatcha stolovaya. Si malo apamwamba ayi. Ndi kumene amadyera ana asukulu, madalaivala, anthu a m'maofesi ndi agogo a penshoni. Umatenga thireyi, n'kumaikankha pazitsulo, ukuloza chimene ukufuna, amayi ovala zoyera kumutu akukupakulira. Ndalama umalipira kumapeto kwa mzere.

Chakudya chamasana kuno chili ndi dongosolo lake, ndipo mayina ake ndi manambala: choyamba, chachiwiri, chachitatu. Choyamba ndi supu. Chachiwiri ndi nyama kapena nsomba ndi chotsagana nacho. Chachitatu ndi chakumwa. Mwana analankhula nawo mofulumira m'chilankhulo chawo, ine nditangoti kakasi kumuyang'ana. Mwana amene ndinkamumenyera kujomba kusukulu ya pulayimale, lero akuseka ndi azimayi a ku Russia.

Mbale yoyamba itafika ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Supu wofiira piriwiri, kufiira kwa magazi a mbuzi. Dzina lake borshch. Kufiirako ndi kwa bitiruti, ndipo muli kabichi, karoti, anyezi, mbatatesi ndi tizidutswa ta nyama ya ng'ombe. Pakati pake mayi uja anaponyapo supuni ya chinthu choyera cholimba, n'kuwaza masamba obiriwira opyapyala ngati nthenga za mwanapiye. Masambawo amati ukrop, ndipo ndaona kale kuti kuno amawaza pa chilichonse, mwina kupatula tiyi.

Ndinakhala pansi, n'kuyang'ana thireyi, n'kufunsa funso limene mwana akuti aliyense wochokera kwathu amafunsa: "Ndiwo ndaziona. Nanga chodyera chili kuti?" Anandilozera magawo awiri a buledi wakuda. Ndinayesa akucheza.

Bulediyo ndi wolemera ngati njerwa yosawotcha, wonyowa pang'ono mkati, wowawasa, ndipo pamwamba pali timbewu tonunkhira. Amapangira ufa wa mbewu ina yofanana ndi tirigu imene imapirira kuzizira. Kuluma koyamba ndinaganiza kuti wagonera masiku. Mwana anati ndisadye payekha, ndilume kenako ndimwere supu. Anandionetsanso kuti choyera chija ndichisakanize kaye. Nditatakasa, supu anasanduka wapinki ngati diresi la mwana wa mkwatibwi.

Ndinalawa. Supuni yoyamba sindinamve kanthu, mantha anali atatseka lilime. Yachiwiri ndinamva kutsekemera kwa bitiruti ndi kuwawasa pang'ono kukukankhana. Yachitatu ndinaima, chifukwa choyera chija ndinachizindikira. Chambiko! Kungoti ichi ndi cha mafuta okhaokha a mkaka, chokhuthala. Amati smetana. Kuyambira pamenepo ine ndi mbaleyo tinamvana. Ndinapukuta pansi pake ndi buledi uja mmene timapukutira ndi mbamu yotsiriza, ndipo ndinaona bambo wa patebulo loyandikana akuchita chimodzimodzi.

Chachiwiri chinali kotleta, nyama yogaya yosakaniza ndi anyezi ndi buledi, youmbidwa ngati chitumbuwa n'kukazinga. Imeneyo palibe Mmalawi angaikane. Koma pambali pake panali mulu wa timbewu tofiirira ta makona atatu, totchedwa grechka. Fungo lake ndi la dothi mvula yoyamba ikangogwa. Si mpunga, si mapira, ngakhale kuti pakamwa tikukumbutsa mapira ophika. Ndinadya theka mwaulemu. Mwana anamaliza yake n'kutenga yanga yotsala. Akuti chaka choyamba ankalira nayo, koma ndi yotsika mtengo, imapsa msanga ndipo imakhalitsa m'mimba, moti m'miyezi imene ndalama zinkachedwa kuchokera kunyumba, grechka ndi imene inamusunga. Ananena akuseka. Ine sindinaseke. Miyezi imeneyo ndikuikumbuka, ndi ija fodya ndi mbatatesi zinatigwetsa. Pafoni ankangoti, "Ndili bwino amayi, ndadya."

Chachitatu chinali kompot, madzi owiritsira zipatso zouma, ozizira, otsekemera pang'ono, zipatso zake zitakhala pansi pa tambula. Zonse pamodzi, anthu awiri, sizinafike ma ruble 1,000.

Potuluka umabweza wekha thireyi pawindo la otsuka mbale. Ndinayesa mawu amodzi amene ndaphunzira, "spasibo", ndiye kuti zikomo. Mayi wopakula uja, amene nkhope yake inali gwa kuyambira pamene tinalowa, anandiyang'ana, n'kufunsa mwana kanthu kena. Akuti amafunsa ngati ndine mayi ake. Atamva kuti inde, anatenga kabanzi kokhala ndi kabichi mkati, n'kukakulunga m'pepala, n'kundiika m'manja. Sanamwetulirebe.

Madzulo mlongo wanga anaimba foni kufunsa ngati ndadya. Pakamwa panangotuluka kuti, "Ayi, tangomwa supu ndi buledi." Chikhalirecho mimba ili ndendende.

Lachisanu, Moscow

Kulimba mtima kwa dzulo kwandipweteketsa. Ndinauza mwana kuti lero ndiloza ndekha.

Ndinaloza chinthu chooneka ngati keke yapinki yosanjikiza bwino. Pansi pake panali nsomba ya mchere yosaphika. Pamwamba mbatatesi, karoti, bitiruti ndi mayonezi. Dzina lake akuti limatanthauza nsomba yovala chijasi cha ubweya, ndipo mwana sanalephere kunena kuti nsombayo ndi ine Lachitatu lija. Kwathu nsomba timaiotcha, timaiyanika, timaiphika mpaka minga ifewe. Yosaona moto ayi. Ndinameza kamodzi chifukwa anthu amandiona.

Kenako kholodets. Tangoganizani mang'ina ophikidwa tsiku lonse mpaka nyama kulekana ndi mafupa, kenako msuziwo n'kuusiya uzizire mpaka uundane, n'kumaudula ndi mpeni. Kukoma kwake ndi kwa mang'ina enieni, ndi adyo wambiri. Koma kuzizirako, ndi mmene chimanjenjemerera pafoloko! Ndinafunsa ngati sangandiikireko pamoto. Mwana anati akatero chisungunuka, ndipo ophikawo adzakhumudwa. Pambali amaikapo muzu woyera wopala, khren, umene suwotcha lilime ngati kambuzi koma umakwera m'mphuno mpaka misozi. Umenewo ndaukonda.

Chimene chandisokoneza mutu ndi okroshka. Kuno kuli chakumwa chotchedwa kvas, chofululidwa ndi buledi wakuda uja, chowawasa motsekemera. Ndi thobwa la kuno, ndipo pakutentha lero ndamwa makapu awiri mosangalala. Tsono anthu awa amatenga thobwa lawolo, n'kudulira nkhaka, mazira owiritsa, mbatatesi, soseji ndi masamba aja, n'kumadya ndi supuni lili lozizira. Ndiwo m'thobwa! Ndayesa masupuni atatu. Pamenepa ndiye tasiyana maganizo ndi dziko la Russia, ndipo sindikuona kuti tidzagwirizana.

Zimene zinandipulumutsa ndi pelmeni, timitanda ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama mkati, towiritsa m'madzi, ngati tisamusa tating'ono tosakazinga. Ndi smetana pamwamba ndinadya 15. Ndinawerenga.

Loweruka, Moscow

Za mwambo ndilemba pang'ono, zithunzi mwaziona kale. Yunivesite ya mwanayu inatsegulidwa mu 1960 kuti iziphunzitsa ana a ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo imadziwika ndi dzina la Patrice Lumumba wa ku Congo, limene linachotsedwapo kenako n'kubwezeretsedwa mu 2023. Satifiketi ya chikuto chofiira ndi ya amene akhoza mopambana, ya buluu ndi ya ena onse. Wathu watenga ya buluu. Nthungululu imene ndinaimba m'holomo, anthu anatembenuka mizere isanu.

Madzulo tinaphika kukhitchini ya kuhositelo. Mthiko analipo, wina anabwera nawo kuchokera ku Lusaka zaka zapitazo ndipo umangosiyiranidwa. Anandionetsa chimene akhala akuphikira nsima zaka zonsezi: manka, ufa wa tirigu wokhakhala umene eni dziko amaphikira phala la ana. Akuti imalimba ndithu, koma imamata m'manja ndipo pakamwa siimveka chimanga. Nditayamba kuvundula ufa wa kwathu, khitchini inakhala chete. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe anangoima pafupi ndi mphika kununkhiza nthunzi. Anthu 11 anadya, usipa wothira tomato ndi kabichi wokazinga. Mkute sunatsale. Mtsikana wina wa ku Russia wa m'kalasi mwawo anatema kambamu ndi foloko, n'kudya kopanda ndiwo, n'kunena mwaulemu kuti sakumva kukoma kulikonse. Ndinamusambitsa m'manja n'kumuphunzitsa kukunga ndi kusunsa. Kambuzi ndinamuchenjeza, sanamvere.

Lamlungu usiku, m'sitima

Tikupita ku St Petersburg, makilomita pafupifupi 650. Pali sitima yothamanga imene imatenga maola 4, koma ife takwera yausiku, ya maola ngati 8, m'bogi yotsika mtengo yotchedwa platskart. Mulibe zitseko. Mabedi 54 osanjikizana, mapazi a anthu atatulukira m'kanjira. Pokwera ku siteshoni ya Leningradsky, mayi woyang'anira bogi amaona pasipoti ya aliyense pakhomo. Amakupatsa nsalu zofunda zochapa m'pepala la pulasitiki, ndipo kumapeto kwa bogi kuli thanki ya madzi owira osalipira. Tiyi amabwera m'tambula yagalasi yokhazikidwa m'kachitsulo kokongola kokhala ndi chogwirira.

Tikiti yanga inali ya bedi lapamwamba. Ndinaliyang'ana, n'kuyang'ana maondo angawa. Mnyamata wina wa bedi lapansi sanadikire kupemphedwa, anangonyamula chikwama chake n'kukwera.

Moyang'anana nafe muli agogo aakazi, akuchokera kumunda kwawo kunja kwa mzinda. Sitima itangonyamuka anayala kansalu patebulo n'kutulutsa mazira owiritsa, nkhuku yootcha, nkhaka za mchere, buledi wakuda ndi mchere m'kabokosi ka machesi. Ndinaseka ndekha, chifukwa ndi kamba yemweyo amene mayi anga ankamanga tikamakwera basi, kungosintha chinangwa. Anakankhira zonse kwa ife. Nditachita manyazi monga mwa mwambo, anakweza mawu. Mwana anati, "Amayi, idyani, kuno ukakana kawiri amakwiya zenizeni."

Tinacheza kudzera mwa mwana. Malawi sanamumvepo. Inenso ndinavomera kuti chinthu cha ku Russia chimene ndinkachidziwa, kupatula sukulu ya mwanayu, ndi feteleza uja wa matani 20,000 amene anabwera mu 2023. Koma nditatchula kuti ndimalima mbatatesi, agogowo anawongoka. Anafuna kudziwa timabzala mwezi uti, timakwezera kangati, mbewu timasunga bwanji, tizilombo timathana nato bwanji. Atamva kuti kudimba timakolola ngakhale nyengo yopanda mvula, anagwira kumutu. Iwo ali ndi miyezi yochepa yokha nthaka isanaume ndi chisanu, n'chifukwa chake chilichonse amachiika m'mabotolo ndi mchere kapena viniga: nkhaka, kabichi, tomato, bowa. Pamenepo ndinamvetsa kuwawasa kumene ndakhala ndikukumana nako m'mbale iliyonse. Ndi mfutso wawo. Ife timayanika padzuwa, iwo dzuwa lowumitsira alibe.

Mwana wagona. Dokotala wathunthu, kukamwa kuli yasa ngati ali ndi zaka 5. Ine tulo palibe, sitima ikugwedeza ndipo kunja sikunade kwenikweni.

Lolemba, St Petersburg

Agogo aja potsika anandipatsa botolo la nkhaka. Ine ndinali ndi kambuzi wotsala m'kachikwama, ndinawapatsa, n'kuuza mwana awachenjeze kawiri.

Mzindawu ndi wa madzi ndi milatho, ndipo mwezi uno usiku kumangochita ngati chisisira mpaka kucha. Nyumba zachifumu tinaziona panja, mizere yolowera inali yaitali ndipo mapazi anga anakana. Chimene ndikufuna kulemba ndi kanyumba kena ka mumsewu wa Bolshaya Konyushennaya, kamene kakhala kakugulitsa chinthu chimodzi kuyambira 1958. Amati pyshki. Anthuni, ndi mandasi. Mandasi oboola pakati, opepuka, otentha, owazidwa shuga wosalala ngati ufa. Khofi wake ndi wothira kale mkaka wotsekemera, amatunga m'chithanki, ndipo popukutira m'manja amakupatsa timapepala todula. Tinaima pamzere mphindi 20 pamodzi ndi anthu ovala masuti ndi ana asukulu. Ndinadya anayi, mwana asanu ndi mmodzi.

Pamsika ndinaona tinsomba touma totchedwa koryushka, tokulirapo kuposa usipa. Wogulitsa anati tikakhala tatiwisi timanunkhira ngati nkhaka, ndipo nyengo yake ndi ya cha mu April ndi May, madzi oundana akasungunuka. Anandibenthulira kamodzi kuti ndilawe. Mchere wake ndi wambiri, koma nditapeza tomato ndi anyezi ndikhoza kutikonza.

Lachitatu, Domodedovo

Mwana atsala miyezi ingapo kukonza mapepala ake, ndiye ndikubwerera ndekha. Wandilembera papepala m'zilembo zawo mawu oti ndionetse ndikasochera, ndipo wandibwereza katatu nambala ya geti ngati mmene ndinkamubwerezera ine popita kuchigayo.

Botolo la nkhaka talidya dzulo, sindikanayesa kudutsa nalo. Chijasi ndamusiyira, adzapatse wina wobwera kumene. Pamalo pamene panali ufa m'sutikesi ndaikapo buledi wakuda muwiri, timapaketi ta mbewu ya ukrop ndi bitiruti toti ndikayese kudimba, ndi grechka makilo awiri. Sindinaikondebe. Koma ndikufuna abale ake akailawe, adziwe chimene mbale wawo ankadya miyezi ija ankati ali bwino. Akuitana ndege yathu, ndipo nsapato yakumanzere ikukana kulowa.